Kachitini ka Mwatitha

Dzulo kunabwera anthu atatu pakhomo panga pa Chamama,
akuti ndiime nawo pa ukhansala.
"Inu aphunzitsi munavutikapo, mukuzidziwa."
Ndinawapatsa madzi akumwa. Yankho sindinawapatse.

Ndinakulira kumakomboni a pa esiteti,
mwana wa tenanti, zala zakuda ndi utomoni wa fodya.
Kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha masamba mpaka usiku,
makope anga onse ankanunkha chikonga.
Chaka chomwe ndinasankhidwa kupita ku sekondale
mabelo athu anabwezedwa kawiri ku Chinkhoma,
ndipo bwana atachotsera chimanga, feteleza ndi mchere
bambo anabwera ndi bulangeti limodzi kukhwapa,
osayang'ana munthu kumaso.

Kenako kunafika wina wa galimoto yayitali.
Anandiimika kutsogolo kwa msonkhano,
dzanja lake lolemera lili paphewa panga:
"Mwana uyu, fizi yake ili m'manja mwanga!"
Amayi analulutira mpaka mawu kusasa.
Paja fodya wako ndi wa pamphuno.
Wathu anali wa pachala, ndipo mphepo inamuuluza
galimoto ija isanagwire n'komwe tala.
Fizi inalipiridwa ndi mbuzi ya amalume, ya bere.

Tinachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo,
atsikana anayi, mphasa ziwiri,
chitseko chotsekera msomali wopinda.
Mwezi ukatha oledzera ankagogoda, kutitchula mayina.

Mwatitha anali wamfupi, wachibwibwi.
Palibe anamusankha, palibe anamuimbira m'manja.
Iye ndiye ankasunga kachitini ka majalini
koyezera chimanga chokazinga chopita nacho m'kalasi.
Ankayamba ndi Falesi, wamng'ono mwa tonse,
kenako Velentina, kenako ine,
zake zinali zotsalira pansi, zopserera zija.
Kandulo ankaidula panayi ndi lezala
n'kutenga kachidutswa kopanda chingwe chooneka.
Ndipo usiku wa zigogodo ankagona cha kuchitseko,
mpini wa khasu uli pambali.

Anasiyira Folomu 3, teremu yachiwiri,
thumba lochokera kwawo litaleka kubwera.
Anapinda yunifolomu bwinobwino, napatsa Falesi.
Kachitini anapatsa ine.

Apa ndiye pamene alendo anga sakudziwa.
Nditakagwira kachitini kaja, chala changa chinachenjera:
poyeza za anzanga chinkasesa pamwamba,
poyeza zanga chinkasiya kaphiri.
Shuga ndinkabisa m'sokosi.
Falesi ankaona, n'kuyang'ana kumbali.
Musandiuze kuti mavuto amayeretsa mtima.
Njala ili ndi makalasi awiri, la kugawa ndi la kubisa,
ndipo ine ndinakhoza konseko.

N'chifukwa chake mtsogoleri akamayankhula
sindimvera kwenikweni za milatho ndi mijigo.
Ndimayang'ana chala chake chachikulu.
Ndimafunsa kuti amagona mbali iti ya chitseko.
Akayamba zoti nayenso anayendapo chopanda nsapato
ndimaopa kwambiri,
poti ndikudziwa zimene phazi losweka limalumbira usiku:
ine sindidzasowanso, zivute zitani.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero,
koma mitu yambiri yomwe ndaona ikukula
yaphunzira kuwerama nkhonya ikamabwera,
n'kukagwera kamtsikana kakhala kumbuyo.

M'kalasi mwanga lero, desiki ya Esinta
yatha masiku asanu ndi anayi ili yokha.
Ena akuti ali m'chigafa, ena akuti kwabwera mwamuna wa njinga yamoto.
Ndipita konko Loweruka, ukhansala kaya palibe.

Lamulungu ndikwera kabaza kukafika pamsika
pomwe Mwatitha amaunjika tomato atatuatatu
n'kuwonjezerapo mmodzi wa basela kwa wosowa.
Kachitini kaja ndikadali nako, kachita dzimbiri pansi.
Ndikamuikira m'manja, ndikamuuze za kaphiri ndi za sokosi.
Akandibwezera, ndidzawayankha anthu atatu aja.
Akakasunga, ndibwerera kukafufuta bolodi.